Tsiku limene ndinasankha mawu n'kuiwala mwini wake

Analowa chakumadzulo, ife titatopa kale. Kuyambira m'mawa tinali titakhala kuseri kwa tebulo anthu atatu: wotsogolera sewero, mayi wophunzitsa magule, ndi ine woyang'anira nyimbo. Tinkasankha anthu oti adzaimbe ndi kusewera mu sewero lathu la nyimbo za rock, ndipo pofika nthawi imeneyo makutu anga anali atalema. Ukamva anthu ambirimbiri motsatizana, mawu onse amayamba kufanana. Mnyamatayo sanabweretse pepala la nyimbo ngati anzake. Anangopita kwa woimba piyano n'kumunong'oneza kiyi, n'kuvula jekete n'kuliponya pampando. Kenako anatsinzina n'kutsegula pakamwa.

Thupi langa lonse linachita tsembwe. Mawu ake anali okhakhala, ngati muli mchenga mkati, koma osaphonya noti ndi imodzi yomwe, ndipo atakwera pamwamba ndinamva tebulo likunjenjemera pansi pa zigongono zanga. Atamaliza tonse tinangoti zii. Wotsogolera sewero anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso, ndipo papepala langa ndinalemba liwu limodzi lokha: "Ameneyu." Sitinamuuze kuti abwereze. Sitinamupatse zoti awerenge ndi mnzake. Sitinamufunse kuti mawu amenewo amawatulutsira pati, kapena kuti akaimba chonchi mmero umadzuka bwanji mawa lake. Tinamupatsa mbali yaikulu tsiku lomwelo.

Patatha milungu itatu tikuyeserera, anafika m'mawa wina akulankhula monong'ona. Anati ndi chimfine. Tinamupumitsa masiku awiri, mawu anabwerako, anaimba tsiku limodzi, kutacha anasasanso. Sabata yotsatira manoti apamwamba aja anayamba kudukira panjira. Ndinkamuona akukankha ndi khosi, mitsempha itatupa, mapewa atakwera mpaka m'makutu, akulimbana kuti atulutse chinthu chimene mwezi wapitawo chinkangotuluka chokha. Dokotala wa zapakhosi atamuyeza anamuuza kuti asiye kuimba kwa milungu ingapo. Apa n'kuti kutatsala masiku 12 kuti titsegule.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati tsoka limene linangotigwera. Pano ndinasiya. Cholakwacho chinachitikira pa tebulo lija, tsiku loyamba lija, ndipo cholembera chinali m'dzanja langa.

Sewero la nyimbo za rock linabadwa ndi mkangano m'mimba mwake. Nyimbo za rock zinakulira m'makalabu ndi m'mabwalo a makonsati, kumene woimba amaima monga iye mwini, ndipo anthu amamukondera chimenecho, kuti sakubisa kanthu, kuti lero aimba mosiyana ndi dzulo. Zisudzo zimafuna zina. Zimafuna munthu adziiwale, avale moyo wa wina, ndipo achite chinthu chomwecho, ataima pamalo omwewo, pa sekondi yomweyo, usiku uliwonse, chifukwa woyatsa magetsi ndi woimba ng'oma akudikira iye. Kuchokera pamene sewero la rock la Hair linafika pa Broadway, dera la mabwalo otchuka a zisudzo ku New York, mu 1968, aliyense wosankha anthu a sewero lotere amakhala akufunafuna munthu mmodzi amene ali ndi zonse ziwirizi, ndipo anthu otere ndi osowa.

Taonani zimene zinachitika ndi Jesus Christ Superstar ya Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice. Isanakhale sewero inayamba yatuluka ngati chimbale mu 1970, ndipo amene anaimba mbali ya Yesu anali Ian Gillan wa bandi ya Deep Purple, munthu wa mawu okwera modabwitsa. Mu situdiyo woimba amatha kufuula noti yoopsa, n'kupuma, n'kumwa madzi, n'kubwerezanso mpaka itakoma. Koma anthu atamva chimbalecho, kufuula kuja kunasanduka muyeso. Seweroli litatsegulidwa pa Broadway mu 1971, Gillan sanalimo, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna aliyense wopatsidwa mbali imeneyi amayembekezeredwa kufika pamene panafika iye, pamaso pa anthu, popanda kubwereza, atavala zovala zolemera, atagwada pansi. Masewero ambiri a rock ali ndi ngongole yotereyi: nyimbo zake zinakonzedwera maikolofoni ya mu situdiyo, koma wolipira ngongoleyo ndi mmero wa munthu wa pa siteji.

Nkhani ina imene tonse a ntchito imeneyi timaikonda, ndipo ine inandisocheretsa, ndi ya Rent. Jonathan Larson, amene analemba seweroli, anamwalira mwadzidzidzi mu Januwale 1996, tsiku limene linkayenera kuonetsedwa koyamba kwa anthu ku New York. Pa gulu loyambalo panali Adam Pascal, amene anachokera ku bandi ya rock, ndi Idina Menzel, amene ankapeza ndalama poimba m'maukwati. Seweroli linakhala pa Broadway mpaka 2008, litaonetsedwa maulendo opitirira 5,000. Ukamva zimenezi mtima umati, basi, njira ndi imeneyi, tipite kukasaka anthu osaphunzira zisudzo, osapsa ndi sukulu. Tsiku lija mnyamata wa jekete atatseka pakamwa, m'mutu mwanga munali nkhani imeneyi. Ndinkaona ngati nanenso ndatola mwayi womwewo. Chimene sindinaime n'kuganizira n'chakuti munthu woimba m'maukwati amaimba maola ambiri usiku umodzi, nyimbo za mitundu yonse, sabata ndi sabata. Mmero wake unayesedwa kale ndi ntchito. Mnyamata wanga uja ndinamumva kwa mphindi imodzi ndi theka.

Woimba wa bandi ali ndi njira zambiri zothawira zimene iye mwini mwina sadziwa kuti amazigwiritsa ntchito. Kiyi amasankha yekha. Mndandanda wa nyimbo amaukonza yekha, yolemera apa, yopepuka apo. Mmero ukauma amaloza maikolofoni kwa anthu kuti aimbe kolasi, iwo n'kumasangalala, iye akupuma. Woimba gitala akayamba kuonetsa luso lake, iye amatembenuka n'kumwa madzi. Pa siteji ya zisudzo zonsezi palibe. Kiyi inakhazikika kale chifukwa palinso anthu ena amene akuimba nawe. Nyimbo yovuta kwambiri nthawi zambiri imabwera chakumapeto, utathamanga, utakangana ndi mnzako mokuwa, utakwera masitepe. Ndipo kukuwa kwa polankhula kumatopetsa mmero kuposa mmene anthu amaganizira. Oimba ambiri amene ndawaona akusasa, mawu anawathera pa zolankhula, osati pa nyimbo. Pa Broadway ndi ku West End ya ku London, sewero limaonetsedwa maulendo 8 pa sabata, m'masiku 6, kutanthauza kuti masiku awiri umaimba masana ndi usiku womwe. Ife a magulu ang'onoang'ono sitifika pamenepo, koma nthawi yoyeserera imatipana chimodzimodzi, pena kuposa, chifukwa nyimbo imodzi umaibwereza kakhumi tsiku limodzi.

Nditapita kukaphunzira za mmero, mochedwa, ndinachita mantha ndi kuchepa kwa kanthu kamene timakasenzetsa katundu yenseyu. Mawu amachokera pa timinofu tiwiri ta m'kholingo, totalika ngati chikhadabo basi. Mpweya ukamadutsa timagundana, ndipo pa noti ya A imene oimba amachunira zida zawo, timagundana maulendo 440 pa sekondi imodzi. Noti ikamakwera, kugundanako kumachulukanso. Kukhakhala kuja kumene timakukonda mu rock kungapangidwe m'njira ziwiri zimene khutu losazolowera silingasiyanitse. Pali woimba amene anaphunzira kugwedeza minofu ina imene ili pamwamba pa timinofu ta mawu, kotero kuti mchengawo umakhala ngati chovala chabe, noti ili yoyera pansi pake. Ameneyu akhoza kuuvula mchengawo nthawi iliyonse. Ndiye pali amene amangofinya khosi n'kukankha mpweya mwamphamvu. Ameneyu timinofu tija timatupa, ndipo akapitiriza timamera timatuza tolimba, monga zimalimbira nsonga za zala za woimba gitala. Pa chala kulimba kumeneko n'kwabwino. Pa timinofu ta mawu kumalepheretsa kuti titsekane bwino, mpweya umathawa, ndipo manoti apamwamba ndi amene amayamba kusowa. Ngakhale kunong'ona kumene mnyamata uja ankachita poganiza kuti akupumitsa mmero, madokotala amaletsa.

Choncho masiku ano munthu akalowa n'kutigwedeza ndi mawu, ndimadikira tsembwe lithe kaye. Pa ma audition, mayeso osankhira oimba ngati aja, anthu amaimba kachidutswa chabe, tizigawo ta nyimbo totchedwa mabaa 16 kapena 32, ndipo aliyense wanzeru amasankha pamene mawu ake amawala. Palibe cholakwika pamenepo. Ntchito yanga ndi kumuchotsa pamalo owalawo. Ndimamupempha kuti abwereze malo omwewo motsitsa kwambiri, ngati m'chipinda muli mwana akugona. Amene mchenga wake ndi chovala amauvula, noti n'kutuluka yopyapyala koma yathunthu. Amene amafinya, mawu amaduka, kapena kumatuluka mpweya wokhawokha, chifukwa iye noti imeneyo amaifikira ndi mphamvu basi. Kenako ndimamupempha abwerezenso mokweza, kachitatu. Akangomaliza ndimamufunsa funso lililonse, kaya wabwera bwanji, kaya nyimboyo anaiphunzira liti. Yankho lake sindilisamala kwenikweni, ndimamvetsera mawu ake olankhulira. Ngati asasa, ngati akuyamba wakhosomola kaye kapena kumeza malovu movutikira, ndadziwa zimene zidzachitike sabata yachitatu. Sikuti pamenepo ndamukana. Ndangodziwa kuti ameneyu akufunika mphunzitsi wa mawu kuyambira tsiku loyamba, kapena mbali yocheperako, kapena kuti titsitse kiyi ngati n'kotheka.

Chachiwiri ndi maso. Oimba ambiri ochokera ku bandi amatsinzina, ndipo ndimawamvetsa: mkati mwa mdima umenewo ndi mmene amakumana ndi nyimbo. Koma mu sewero nyimbo ndi mawu amene munthu akuuza munthu mnzake, pofuna kuti china chake chisinthe. Akuimba chifukwa kulankhula kwalephera. Ndiye ndimaimika munthu patsogolo pake, nthawi zambiri amene amatithandiza kuwerenga mbali zina, n'kunena kuti, "Uyu wanyamula chikwama, akuchoka, ndipo sadzabweranso. Muimbireni kuti asatuluke pakhomopo." Wowerengayo ndimamuuza mwamseri kuti azipitadi, pang'onopang'ono, pokhapokha ngati china chake chamugwira mtima.

Zimene zimachitika pamenepa sindinazitopere mpaka lero. Ena amangokweza mawu, ngati kuti kukuwa kungatseke chitseko, ndipo wowerenga uja amafika pakhomo n'kutuluka. Ena amasokonezeka, n'kuiwala mawu a nyimbo imene aimba zaka zambiri. Koma ndikukumbukira mayi wina wamng'ono thupi, amene ulendo woyamba anaimba bwinobwino koma osatisiyira kanthu. Wowerenga atayamba kuyenda, mayiyo anasiya kuimba kwa kamphindi, piyano ikupitirira yokha. Anayenda masitepe awiri, n'kulowa mochedwa, motsitsa, mawu akunjenjemera. Noti yaikulu itafika sanaikongoletse, inangotuluka ngati yang'ambika kuchokera m'chifuwa. Wowerenga uja anaima dzanja lili pa chogwirira cha chitseko, osatembenuka, ndipo ndinaona msana wake ukugwedezeka. Noti imeneyo sinali yokongola ngati ya ulendo woyamba. Tinamutenga.

Ndisanamizire a bandi okha. Ochokera ku sukulu za zisudzo ndi za nyimbo ali ndi vuto lawo, ndipo pena limandipweteka mtima kuposa loyambalo, chifukwa iwo anachita khama zaka zambiri kuti afike pamene ali. Amalowa ndi fayilo yaudongo, amadziwa poima, mpweya amaugwira bwino, mawu aliwonse amamveka mpaka kumpando wakumbuyo. Koma akayamba kuimba rock zimamveka ngati munthu wovala suti akuyesa kugubuduka m'fumbi osafuna kuidetsa. Noti iliyonse yaitali amaigwedeza kumapeto mofanana, zilembo zonse amazitchula mokwanira, ndipo amaponda pa bithi ndendende ngati wotchi. Rock imakhala m'malo ang'onoang'ono amene iwo anaphunzitsidwa kuwasesa: kulowa mochedwa pang'ono, kukoka liwu, kusiya noti ili yowongoka mpaka iwawe. Ena amazindikira zimenezi n'kuyamba kutsanzira, kuika mchenga wabodza ndi nkhope yolusa. Zimenezo ndiye zimaipiratu. Chimene ndimafufuza mwa iwo ndi chakuti, kodi akhoza kulola kumveka moipa kwa sekondi ziwiri ngati nkhani ikufuna zimenezo? Ndimawapatsa nyimbo n'kunena kuti aimbe ngati akukalipira m'bale wawo amene wawakhumudwitsa kwambiri. Amene angathe kutaya udongo wawo pamenepo ndi chuma, chifukwa mmero wawo ndi wotetezeka kale.

N'chifukwa chake amene tawaitananso ulendo wachiwiri sindiwayesanso ndi piyano yokha. Ndimaitana woimba ng'oma ndi wa besi, ngakhale kwa ola limodzi, ndi maikolofoni. Piyano ndi yaulemu, imadikira woimba akachedwa. Ng'oma sizidikira munthu. Pali anthu amene ng'oma zikangolira thupi lawo limadzuka, mawu n'kukhala pa bithi ngati anabadwira pomwepo, ndipo pali amene amayamba kulimbana nazo, kukuwa kuti adzimve. Wachiwiriyu ndi amene adzadzipweteke. Munthu wodziwa kukhulupirira maikolofoni, n'kusiya wa zokuzira mawu agwire ntchito yake, amasunga theka la mphamvu zake.

Ndiye pali zoti sewero si mpikisano wa oimba. Ukhoza kutenga anthu asanu ndi mmodzi amene aliyense payekha ndi moto, koma ukawaphatikiza n'kumveka phokoso lokhalokha. Awiri amene akusewera ngati okondana ndimawaimbitsa limodzi, n'kuwasinthanitsa ndi ena, mpaka nditamva mawu awiri amene akusiyirana malo. Ndimafunanso kuti woonera atatsinzina athe kudziwa amene akuimba, choncho sinditenga amuna atatu a mawu ofanana ngakhale onse atakhala akatswiri. Gulu la kumbuyo ndimalisankha mosamala ngati a mbali zikuluzikulu, chifukwa iwo ndi amene amaimba manoti okwera akuvina. Ndipo wolowa m'malo, amene amaphunzira mbali yaikulu kuti adzaigwire mwini wake akadwala, ndimamusankha tsiku lomwelo limene ndasankha mwini mbaliyo. Chaka chija tinalibe. Tinkaona ngati kuika wolowa m'malo n'kumunyoza mnyamata wathu.

Amene anatipulumutsa anali bambo wina wofatsa amene tinamuika m'gulu la kumbuyo. Papepala la tsiku lija pa dzina lake ndinali nditalemba kuti "wodalirika," liwu limene timalemba tikakhala kuti munthu sanatisangalatse. Osauzidwa ndi aliyense, iye ankakhala pakona nthawi yonse yoyeserera, akulemba m'buku lake poima ndi potulukira pa mnzakeyo. Noti yapamwamba ija analibe. Tinatsitsa nyimbo ziwiri, bandi inadandaula, ndipo inenso usiku woyamba ndinkamvabe m'mutu mwanga mawu a mchenga aja pamalo pamene panalibe. Koma bamboyo ankaimbira munthu. Mzere uliwonse unali ndi kumene ukupita. Ndipo usiku womaliza mawu ake anali chimodzimodzi ndi usiku woyamba.

Ntchito yomuuza mnyamata uja kuti sadzaimba inagwera ine. Tinakhala pa masitepe a kuseri kwa siteji, kumene kunkamveka bandi ikuyeserera nyimbo yake mu kiyi yatsopano. Anali atazenga kansalu m'khosi, botolo la madzi lili m'manja, akulitembenuzatembenuza. Ndinalankhula zambiri, za thanzi lake, za tsogolo lake, kuti mawu ngati ake sapezekapezeka ndipo tisawaononge chifukwa cha sewero limodzi. Zonsezo zinali zoona. Iye anangomvetsera, maso ali pansi. Dokotala anali atamuletsa kulankhula, choncho anatulutsa foni, n'kulemba kwa nthawi ndithu, kufufuta, kulembanso, kenako n'kundipatsira.

Analemba kuti: "Aphunzitsi, ine ndisanabwere kuno ndinali ndisanaimbepo masiku awiri otsatizana. Bandi yathu imaimba Loweruka lokha, Lamlungu ndimakhala ndilibe mawu, ndimaona ngati ndi mmene zimakhalira kwa aliyense. Mukanandifunsa ndikanakuuzani."

Ndinawerenga kawiri. Mkatimo woimba ng'oma anawerenga zinayi, nyimbo n'kuyambiranso. Ndinamubwezera foniyo n'kunena kuti, "Pepani achimwene, sindinakufunseni."